Khoma la Nachisale Limene Mwalikwirira ndi Simenti

Zimitsani mafoniwo. Iwe Yamikani, yako ika pansi apa, ndiziiona. Tadala mkazi wanga, sendera kuno, usabisale kumbuyo kwa mlongo wako, chifukwa nawe uli nayo mbali yako pa mlanduwu. Sindinakuitaneni kuti mudzandizonde maso. Maso ali bwino, akuona mpaka zimene sindikadafuna kuona.

Ndinafika Lachitatu kuchokera ku Lilongwe, lero ndi Lamulungu, ndipo masiku onsewa ndikugona m'chigafa ngati fodya. Anthu kutchalitchi andifunsa kuti kodi a Phiri, mdzukulu wakukonzerani nyumba yowala chonchi, inu n'kumagona ndi makoswe, mwatani? Yankho lake ndi lanu awirinu, ndipo mulimva lonse, ngakhale basi yanu ikusiyeni.

Zaka zitatu ndakhala ndi ng'ala. Munthu ndinkamudziwa ndi mawu, mbuzi ndinkaidziwa ndi fungo. Amayi anu adandinyengerera mpaka pakamwa kuuma kuti ndipite kuchipatala, ine ndinkakana, chifukwa mpeni wa m'diso si chinthu choseweretsa. Mukudziwa chimene chidandivomeretsa? Si nkhope zanuzo, musadzinamize. Ndinkalowa pabalaza, kuima patsogolo pa khoma limene adalemba agogo anu aakazi, osaona kanthu koma utsi wofiirira. Ndinkalisisita ndi zala. Ndidati ndisanafe ndilionenso bwinobwino kamodzi. Ndiye ndidapita, adandichotsa ng'ala, ndidakhala kwa amayi anu masabata asanu ndikudontheza mankhwala.

Lachitatu lija mu minibasi ndinali ngati mwana. Ndimawerenga zikwangwani mokweza, mpaka mayi wina anandisuntha. Titakhota kulowera ku Dowa ndinaona mapiri aliwonse payekhapayekha, ndi mizere ya m'minda, ndi munthu ataima pachulu patali. Nditatsika panjinga yamoto pano sindinapatse moni aliyense, ndinalunjika pabalaza. Ndinapeza khoma lili mbee, losalala ngati la kuchipatala kumene ndimachokerako, fungo la penti lili guu. Ndipo iwe Yamikani unali pakhomo, mano onse pamtunda, foni utaikweza kuti ujambule chimwemwe changa.

Unati, "Agogo, sapulaizi!"

Mawu amenewa sindiwadziwa, koma ngati atanthauza kubaya munthu pamtima uku ukuseka, ndiye unawatchula bwino.

Tsopano khalani chete ndikuuzeni chimene mwakwirira, chifukwa ndaona kuti simuchidziwa. Mumayesa kuti ndi dothi la nkhalamba yosowa chochita.

Ndili mnyamata ndinkayenda ndi njinga yakapalasa. Ndinkatenga mchere, sopo ndi singano m'sitolo ya Mchawa wina pa Boma, n'kukwera nazo mapiri a ku Ntchisi, pobwerera n'kunyamula mtedza. Inu mumadandaula njinga yamoto ikagunda kadzenje. Ife chitunda tinkakankha, potsetsereka tinkamanga nthambi kumbuyo kuti igwire ntchito ya mabuleki. Kamba wa paulendo anali chimanga chokazinga ndi chigumu chouma choti ukaponyera galu amathawa. Miyezi yozizira, anthu akatha kukolola, amayi a m'midzi ankazira nyumba zawo. Pansi pa khoma ankapaka mtsiro wakuda, pamwamba katondo wofiira, wina wa luso pang'ono n'kuikapo timizere tokhotakhota kapena duwa pafupi ndi zenera. Zinali zokongola ndithu, koma nyumba iliyonse inkafanana ndi inzake.

Tsiku lina ndikutsika phiri ndidaona kanyumba, pakhoma pake pali basi. Basi yeniyeni, mitolo pamwamba, nkhuku itamangidwa miyendo, ndipo pazenera lililonse nkhope yake. Wina akusinza, wina akukangana ndi kondakitala, mayi wina watulutsa mutu akusanza. Ndidaiwala kuti ndili panjinga, ndidakathera m'khola la nkhumba za eni ake. Ndikudzisansa, kudatulukira mtsikana wamfupi, manja ofiira mpaka m'zigongono.

"Mwabwera kudzagula mtedza kapena nkhumba?" adandifunsa.

"Walemba basi iyi ndani?" ndidatero ine.

"Yadzilemba yokha. Mukufuna kukwera?"

Amenewo ndiye anali agogo anu, Nachisale, ndipo pakamwa pawo padakhala pomwepo mpaka tsiku lomaliza. Iwe Tadala ukamayankha amayi ako mokhadzula, usadabwe kumene udazitenga. Mudzi umenewo unalibe mtedza wambiri, koma chaka chimenecho ndidapitako kasanu ndi kawiri.

Ndidakhala pachikamwini zaka zinayi, kenako adandilola kuwatenga chitengwa kubwera nawo kuno. Akazi ena pobwera amanyamula miphika ndi malichero. Agogo anu adadzaza ngolo ndi zitini za dzimbiri, zikho ndi mapale, chilichonse ndi dothi lake. Amayi anga atasuzumira adandikokera kuseri n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, wakwatira sing'anga kodi?" Ndipo m'mudzi muno adawanena ndithu. Munthu wamkazi woti akupita kumaliro amaima panjira n'kumakumba m'ngalande ndi kamtengo, kulawa dothi ndi lilime, kumanga pansonga ya chitenje, anthu angamuganizire zabwino?

Ankadziwa dothi la dziko lino kuposa alangizi. Lofiira kwambiri ankalitenga kumene adagumula phiri popanga msewu. Lachikasu linali m'chigwembe china cha ku Mvera, lakuda kudambo, loyera m'mphepete mwa kamtsinje, pansi pa mizu. Ankalisinja, kulisefa pa sanza, kuliviika masiku atatu, n'kuthiramo phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa kuti ligwire. Burashi analibe. Nthenga ya nkhuku, chitsononkho, kamtengo kotafuna kunsonga, ndi zala zawo. Pomaliza ankakhula ndi nkhulungo, kamwala kosalala kaja, mpaka khoma linkawala ngati lanyowa.

Chaka chilichonse khoma lakunja linkakhala ndi nkhani yake. Chaka cha dzombe adalemba dzombe. Chaka chimene ndidathamangitsidwa ndi ng'ombe ya m'bale wanga adandilemba ine ndili mumtengo, kabudula atang'ambika, ndipo anthu ankachoka midzi ina kudzaseka. Ndidawapempha kuti afufute, adati, "Dikirani mvula." Mvula ikabwera inkakokolola zonse, mitundu n'kumayenderera pansi. Ine zinkandipweteka, iwo ayi. Ankati mvula imawapatsa khoma latsopano. Mumve bwino pamenepa, kuti wina asadzandiuze kuti agogo sankasamala zinthu zawo zikafufutika. Za panja adazipereka kwa mvula okha, mwa kufuna kwawo. Za pabalaza sadazipereke kwa munthu.

Sindikubisirani, inenso ndidawalakwirapo, ndipo ndikuuzani kuti mudziwe kuti ndikudziwa kukula kwa tchimoli. Agogo anu anali ndi nthenda imodzi: ankafuna dothi lamtundu wa thambo. Ankati dziko lili ndi lofiira, lachikasu, loyera, lakuda, ndiye Mulungu sangaiwale limodzi. Ndidawagulira buluu wochapira zovala uja, adamuponya kunkhuti, amvekere, "Ameneyo ndi wa m'sitolo, khoma limudziwa kuti ndi mlendo." Chaka china, fodya ali pakati posankha, adamva kwa mayi wina wogulitsa nthochi kuti kunkhalango ya ku Ntchisi kuli mtsinje wa dothi lotero. Adadzuka m'mawa, kubereka amalume anu kumbuyo, n'kupita. Masiku awiri. Ine ndekha ndi fodya, mvula yomaliza ikuopseza, m'chigafa malo mulibe chifukwa ngodya yonse yadzaza zitini. Ndidapsa mtima. Ndidatenga zitini zonse, makumi atatu ndi mphambu, n'kukakhuthula m'munda wa mbatata.

Atabwera, chimanjamanja, mapazi atatupa, adaima pangodya ija. Sadalire, sadatukwane. Adangofunsa kuti, "Zili kuti?" Ndidawaloza kumunda. Adapita, adayang'ana, adabwerera n'kuyamba kuphika. Chaka chimenecho sadazire nyumba. Khoma lidakhala lotuwa, ming'alu ili yasa, ndipo anthu odutsa ankapatuka kudzafunsa kuti, "Kodi pakhomo pano pagwa zovuta?" Ankandiphikira, ankandichapira, ankayankha ndikafunsa. Koma m'nyumba muno munkakhala ngati mwatuluka maliro.

Nditagulitsa fodya ndidamanga zitini panjinga ndekha. Ndidayenda chilimwe chonse, ku Mvera, kumsewu, kudambo, ndikukumba ngati nguluwe, anzanga akundiseka kuti a Phiri adyetsedwa. Ndikabweretsa ankatsina pang'ono, kulavulira, kupaka padzanja. Lofiira adandibweza katatu.

"Ili lafiira mwamanyazi," adatero. "Pitaninso. Mukakumbe kumunsi, kumene kuli chinyezi."

Pomaliza ndidawauza kuti akwere panjinga tipite kunkhalango kuja tonse. Tidasiya njinga kwa anthu a m'mphepete, tidalowa wapansi. Inu simudalowemo m'nkhalango imeneyo. Masana mumakhala mdima, mitengo yoti anthu anayi sangaikumbatire, kuzizira ngati mwezi wa Juni. Tidatsata kamtsinje mpaka pamene madzi adagumula gombe, ndipo agogo anu adagwada, kupisa dzanja m'matope mpaka paphewa, n'kutulutsa chibuma. Ana inu, chinali chamtundu wa thambo la mvula, ndidachiona ndi maso angawa. Adakhala pansi m'madzi momwemo, chitenje chonse kunyowa, akuseka ngati wamisala. Tidasenza matumba awiri. Titafika kuno n'kulipaka, litauma lidasanduka lotuwa ngati phulusa. Ndidayembekeza kulira. Iwo adangoti, "Chabwino, ine ndikudziwa kuti mkati mwake ndi labuluu." Ndipo adayamba kundiyankhulanso ngati kale.

Ine ndidataya dothi, koma mwini wake anali moyo, mapiri analipo, njinga inalipo. Iwe Yamikani ukakumba kuti?

Tadala, ndakuona ukusuzumira foni. Popeza mumakonda zojambula, ndikuuzeni za zithunzi. Masiku athu wojambula anali mmodzi dera lonseli, a Saidi, amene anali ndi kasitudiyo pa Boma. Ankabwera kawiri pachaka ndi kamera yopachika m'khosi, yoyang'anira pamwamba ngati ukusuzumira m'chitsime. Uthenga ukamveka kuti akubwera, mudzi wonse kusamba. Jekete limodzi linkajambulitsa amuna khumi, wotchi yakufa inkayenda dzanja ndi dzanja, wina kunyamula wailesi yobwereka. Unkaima chilili osaphethira, chifukwa filimu sinali yotaya. Kenako kudikira mwezi, mwina iwiri, ndipo chikabwera chithunzicho unkachigwira m'mphepete ndi manja osamba. A Saidi ankayenda ndi nsalu yawo yojambulidwa nyumba yosanja, yoti anthu aziima patsogolo pake. Atafika m'mudzi muno anthu adaikana nsaluyo, aliyense ankafuna kuima pakhoma la Nachisale. Iwo sadakhumudwe. Adapinda nsalu yawo, adayang'ana khomalo nthawi yaitali, n'kupempha kuti alijambule lokha, popanda munthu. Anthu adadabwa kuti akutayiranji filimu pa nyumba.

Atabwera ulendo wina adabweretsa chithunzicho ngati mphatso. Nthawi imeneyo zithunzi zinali zakuda ndi zoyera basi. Agogo anu adachiyang'ana, kuchitembenuza, n'kuchibweza.

"Bambo Saidi, mitundu yanga mwaisiya kuti?"

"Makinawa saona mitundu, mayi."

"Ndiye musamawaonetse zinthu zanga. Mwandijambulira maliro a khoma."

A Saidi adaseka mpaka kutsokomola, koma sadajambulenso. Zithunzi zamitundu zitabwera iwo anali atakalamba, situdiyo itasanduka golosale. Ndicho chifukwa chake m'nyumba muno mulibe chithunzi cha khoma ngakhale limodzi mwa makoma onse aja. Pamenepo ndimawadandaula agogo anu, liuma lawo lidatimana.

Koma inu mulibe chonamizira. Makina anu amaona mitundu yonse, filimu sakutha, simudikira mwezi. Mumajambula mbale ya mpunga musanadye. Mumajambula nsapato. Iwe Tadala umatambasula dzanja n'kusongola milomo ngati mlamba, kakhumi pamalo amodzi. Zaka khumi ndi chimodzi mwakhala mukubwera pano Khirisimasi iliyonse, kukhala pabalaza, kutsamira khoma limenelo, kudandaula kuti netiweki ikuvuta. Palibe mmodzi adatembenuka kuti alijambule. A Saidi, munthu wachilendo, wa chipembedzo china, adaliperekera filimu yake. Inu adzukulu ake, osadina ngakhale kamodzi.

Tsopano za khoma lenilenilo. Nyumba ino ndi ya zidina, tidaifolera malata amalume anu atayamba ntchito. Patapita zaka agogo anu adayamba kudwala m'mimba muja. Tidayenda nawo zipatala, mpaka adokotala adandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndipite nawo kunyumba, azikadya chimene akufuna. Iwo adadziwa, ngakhale sindidawauze. Titakolola adandiitana.

"A Phiri, chaka chino ndilemba mkati."

"Mkati mwa nyumba? Adzaona ndani?"

"Inu. Ili sindifuna mvula ilikhudze."

Moyo wawo wonse sadanenepo mawu otero. Adalemba miyezi iwiri. Poyamba ataimirira, kenako atakhala pampando, pomaliza ine nditawachirikiza kumsana, chitini chili pamiyendo panga. Tsiku lina ankangotha kadontho kamodzi n'kugona. Ndikawaletsa ankati, "Mukufuna ndife ndikuyang'ana denga?"

Ndikuuzeni zimene zinalipo, popeza maso anu athanzi sadazione. Kumanzere kunali mapiri a kwawo, atatu, ndi kanyumba kaja. Kuchokera pamenepo msewu wofiira unkatsika mokhotakhota mpaka pakati pa khoma, ndipo pamsewupo panali njinga, mwamuna akupalasa, mkazi kumbuyo atagwira chitini. Thambo lonse adalipaka dothi la kunkhalango lija, limene adalisunga zaka zonsezo osaligwiritsanso. Kumanja kunali nyumba ino, ndipo pabwalo pake nkhanga zisanu ndi ziwiri. Nkhanga iliyonse madontho ake oyera adawaika ndi nsonga ya nthenga, limodzilimodzi. Zisanu zinkatola pansi, ziwiri zinali m'mwamba zikuuluka. Mudafunsapo chifukwa chake? Nkhangazo zinali ana athu. Amayi anu si mwana wachiwiri monga mumadziwira, ndi wachinayi. Awiri oyamba tidawaika kwawo ku Ntchisi, chikuku chidawatenga mwezi umodzi. Alibe chithunzi, manda awo adafafanizika kalekale. Pa dziko lonse lapansi ana anga awiriwo ankaoneka pakhoma limenelo pokha.

Wayamba kuwerama, Yamikani. Dzutsa mutu, sindinathe.

Kumunsi kwa khoma, kufupi ndi chitseko, kunali manja. Tchuthi chija agogo anu adakuitanani adzukulu nonse, adathira katondo m'beseni, aliyense kuviika dzanja n'kudinda. Tadala unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, udadinda kawiri chifukwa zidakusangalatsa. Iwe Yamikani unali ku sekondale, unkakana kuti udetsa malaya, mpaka adakugwira pamkono okha ndi timanja tawo towonda tija, n'kukanikiza. Adakuuza kuti, "Ukadzakhala bwana udzayeze, uone ngati ndi dzanja lomweli." Usandiuze kuti udaiwala. Patapita masabata atatu tidawaika m'manda. Ngodya ya kumanja idatsala yosamaliza, mzere udangothera panjira.

Zaka khumi ndi chimodzi ndalisamala khomalo. Koloboyi sindinkayatsa pabalaza kuopa mwaye. Chiswe chikayamba mzere ndinkachitsata mpaka kuchulu. Lata lina litayamba kudontha ndidakwera ndekha padenga, ndi zaka zangazi, n'kugwa, mwendo uwu sudawongokenso. Mipando ndidaisendeza kuti isakhule.

Ndipo alipo amene adaliona. Chaka china kudafika bambo wa ku Dzaleka, wochokera ku Kongo, amene amalemba zikwangwani za masitolo. Ankagula tomato m'madimba, mvula idamupeza panjira, ndidamulowetsa. Atangolowa adavula chipewa. Mvula idakata, dzuwa lidatuluka, iye ali chikhalire pansi patsogolo pa khoma. Kenako adandifunsa ndi Chichewa chake chothyokathyoka kuti adalemba ndani, ndipo adaphunzira kuti. Ndidati mkazi wanga, sukulu adalekera sitandade 2. Adapukusa mutu, adati iye wagwira burashi zaka makumi awiri koma msewu wotere, woti munthu umamva kutopa kwa wopalasa njinga, sangaulembe. Sabata yotsatira adabweranso ndi mkazi wake, wapansi, kudzangomuonetsa. Munthu wothawa nkhondo, wopanda mbale kuno, adavula chipewa m'nyumba mwanga. Magazi anga adabweretsa simenti.

Ndikudziwa chimene ukufuna kunena, amayi ako anena kale pafoni. Akuti adokotala adati diso lisalowe fumbi, ndipo iwe udaganiza kuti khoma ladothi limatulutsa fumbi. Akuti udadzimana miyezi ingapo kuti agogo abwerere m'nyumba yabwino. Sindikukana, mtima wako sunali woipa. Koma safunsa adadya phula. Masabata asanu aja unkaimba madzulo aliwonse, "Agogo, diso lili bwanji, mwadya chiyani?" Pakamwa pomwepo sipakadatuluka funso limodzi? Nyumba ndi yanga, ndili moyo, ndimamva. Mudandiyesa katundu woti mumusuntha n'kusesa pansi pake.

Ndipo pali china chimene amayi ako sakuchidziwa. Lachinayi m'mawa ndinatenga tchizulo, ndinati mwina simenti yangokuta pamwamba, ndiisenda pang'onopang'ono ngakhale zinditengere chaka. Ndinagoba pangodya. Pansi pake panali zidina zokhazokha, zotemekatemeka. Ndinapita kwa mmisiri amene unamulemba ntchito uja. Atandiona anasiya fosholo n'kugwira m'mutu.

"Agogo, ine ndinakana," anatero. "Simenti siigwira pa dothi losalala, timayamba tatema ndi chikwanje. Nditaona zojambulazo ndinaimbira mdzukulu wanu kawiri. Ndinati bwana, khoma ili tilisiye, tipake atatu enawa."

"Ndiye anati chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Anati, temani, ndi zachikale izo, zimatichititsa manyazi alendo akabwera."

Unanena kapena sunanene? Ndiyang'ane. Chabwino, bola sunaname.

Manyazi. Si fumbi ayi, manyazi. Ukufuna kubweretsa makolo a chibwenzi chako cha ku tauni, ndiye unaopa kuti aona nkhanga zadothi n'kudziwa kuti umachokera kumudzi. Ukuchokera kuti nanga? Fizi yako ya sekondale inatuluka m'chigafa chimene ndikugonamochi, ndipo manja amene ankasoka fodyayo ndi omwe adalemba khomalo.

Ndinafunsa mmisiriyo kumene anataya zogumukazo. Anati anakakwirira dzenje la pamsewu, paja pamatitimira ngolo. Ndinapita. Ngolo zadutsapo masabata atatu, ng'ombe zapondapo. Ndinagwada pamsewu, nkhalamba ine, kufukula ndi manja, ana a sukulu akundizungulira. Ndinapeza fumbi lofiirira basi.

Dzulo Tadala wakhala tsiku lonse akufufuza m'foni mwake ndi mwa abale ake onse. Zithunzi zikwizikwi. Wapeza chimodzi. Nkhope yake yadzaza ponse, milomo ili patsogolo, ndipo kuseri kwa khutu lake kukuoneka mchira wa nkhanga imodzi ndi madontho asanu ndi anayi. Ndawawerenga. Iwe Tadala, mawa upite pa Boma ukachitsukitse papepala, chachikulu, nkhope yakoyo ikhale momwemo, ndilibe nayo mlandu waukulu. Wandisangalatsa pang'ono pokha, usanyade.

Iwe Yamikani, amayi ako akuti ukufuna kuitana wolemba zikwangwani kuti ndimufotokozere, alembenso ndi penti wa mafuta amene safufutika. Ayi. Munthu ameneyo alemba nkhanga zonenepa zokongola, koma sadaikepo mwana m'manda ku Ntchisi. Akutinso ukufuna kugumula simentiyo. Ugumuliranji, kuseri kwake kuli chiyani? Isiye.

Chigamulo changa ndi ichi. Lero ndibwerera m'nyumba, chifukwa m'chigafa mukuzizira ndipo sindifuna kufa ndi chibayo chifukwa cha iwe. Khomalo likhala momwe walipangiramo, loyera. Pasapachikidwe kalendala, pasapachikidwe wotchi, ngakhale chithunzi chako chovala mkanjo wa kuyunivesite chija. Mipando itembenuzidwe iyang'ane komweko. Alendo akowo abwere, ndiwalandira bwino, ndiwaphera mbuzi. Akakhala pansi ndidzawauza ndekha kuti pakhoma apa panali chinthu, ndipo mdzukulu wanga afotokoza. Udzaimirira, udzayamba kumanzere, mapiri atatu, msewu, njinga, nkhanga zonse zisanu ndi ziwiri ndi mayina awo, mpaka pamene mzere udathera. Ukaphonya ndidzakubweza uyambirenso.

Mayina a awiri aja simuwadziwa. Woyamba anali Liviness, wachiwiri Gidiyoni. Tchula ndimve.